Mbale ya Amayi Pamphuno pa Injini

Amuna anga anakhala nane zaka zambiri osaona nkhope ya amayi anga. Sikuti tinkakhala kutali ayi. Kuchokera kulayini ya esiteti ya tiyi kumene kampani inatipatsa nyumba, ukanyamuka m'mawa wapansi unkafika kwathu ku Khwethemule dzuwa lisanafike pamutu. Koma kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, akafuna kuuzana kanthu mawu amadzera mwa munthu wachitatu, ndipo zodyera pamodzi ndiye sizitchulidwa n'komwe. M'mabanja ambiri zimenezi sizikhalitsa. Mwana akabadwa apongozi amapha nkhuku, kuitana mkamwini, kudya naye, basi wamasulidwa. Amayi anga nkhuku imeneyo sanaphe. Mwana wathu woyamba anabadwa, anakwawa, anayamba sukulu, nkhuku ikungoyendayenda pabwalo.

Zamakolo zambiri amayi anazitaya kalekale atalowa mpingo wosunga Sabata, koma mwambo uwu wokha anaugwira ndi manja awiri chifukwa unkawathandiza. Amuna angawo sankawafuna. Choyamba, ankapemphera Lamulungu. Chachiwiri, ankagwira ntchito kufakitale, pang'anjo youmitsira tiyi, ndipo kwa amayi tiyi anali fodya wakumwa. Anabadwira pakati pa minda ya tiyi, anakalambira pakati pa minda ya tiyi, koma kapu imodzi sanailawepo. Ndikapita kukawaona ankanunkhiza chitenje changa n'kunena kuti, "Ukununkha ntchito ya amuna ako."

Zonsezi ndikanazipirira mpaka kumanda, koma kunabwera chaka chimene kampani inachepetsa antchito. Amuna anga dzina lawo linali pamenepo. Tinauzidwa kuti mvula isanagwe tikhale titatuluka m'nyumba ya kampani. Iwo analibe mudzi woti anditengereko. Makolo awo anachokera ku Mozambique, anagwira ntchito pa esiteti pomwepo, ndipo anaikidwa m'manda a antchito kuseri kwa bulugamu. Malo okha amene tikanamangapo nyumba anali a amayi anga. Malume anati iwo alibe vuto, koma mwini dothi ndi mlongo wawo, aloze yekha. Ndinapita kukapempha, ndinagwada mpaka maondo kuwawa. Amayi anangoti, "Ndamva," n'kupitiriza kusola nandolo.

Apa ndi pamene amuna anga anaganiza nzeru imene mpaka lero ndikaikumbuka ndimapsa mtima kenako n'kuseka. Kampani inkagulitsa magalimoto ake akale, ndipo iwo anatenga zonse zimene anawapatsa powachotsa ntchito n'kugula pikapu yoyera ya dizilo imene bwana wa minda ankayendera. Anati azinyamulira nthochi kupita nazo ku Limbe. Koma chenicheni anandiuza titakhala pakhonde: "Mayi a mwana, apongozi angakane mkamwini wapansi, koma wa galimoto sangamukane."

"Ndiye tizigona m'galimotomo?" ndinawafunsa.

"Iyi si galimoto wamba," anatero. "Ili ndi tebo."

Tebo imeneyo sanali kuidziwa kuti ndi chiyani, ine ndiye kaya. Chimene tinkadziwa n'chakuti galimoto ikamakwera chitunda inkaimba kamluzu kosalala, ndipo amuna anga ankazimitsa wailesi kuti anthu a m'mbali mwa msewu akamve bwino. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma chathuchi chinabwera chikuimba mluzu, ife n'kumachiombera m'manja.

Patapita masabata angapo mluzu uja unasintha. Unayamba kumveka ngati kamwana ka galu kotsekeredwa m'khitchini. Amuna anga anati tebo yazolowera mwini wake. Kenako kuekizozi kunayamba kutuluka utsi wabuluu, moti akailiza m'mawa mayi woyandikana nafe ankathamanga kukaanula zovala akutukwana m'Chilomwe. Chachitatu chinali oyilo. Akathira lero, mawa akasolola kachitsulo koyezera kaja n'kupeza wachepa. Anawaza phulusa pansi pa galimoto kuti aone pamene pakudontha. M'mawa phulusa linali louma, pali mapazi a nkhuku okha.

Munthu wina akanapita kwa makaniko. Amuna anga anakhala pansi n'kuganiza mozama, ndipo anapeza kuti kulayini kuli wakuba. Anati pali munthu amene akumatsegula boneti n'kumakapa oyilo kuti azikadzoza tcheni cha njinga. Anayamba kuyendera njinga za anzawo, kuwerama, kugwira tcheni, kununkhiza chala. Anthu ena anasiya kutipatsa moni. Pomaliza anaboola boneti, napisamo tcheni chachikulu, nakhoma loko wa pagolosale. Oyilo anapitirizabe kuchepa. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti wakubayo si wamasewera, ali ndi mankhwala.

"Kapena ikumwa yokha," ndinatero ine, mongofuna kuwaputa.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Galimoto imamwa dizilo, mayi. Oyilo ndi wodzola."

Nyengo ya msonkhano wa misasa wa mpingo wa amayi itakwana, amuna anga anandituma kuti ndikauze amayi kuti chaka chino sayenda wapansi kupita ku Makwasa, akawatula pagalimoto. Ndinkayembekeza kuti akana. Koma miyendo inali itayamba kuwavuta, ndipo ndikuganiza kuti ankafunanso kuti anzawo a mumpingo awaone akutsika kutsogolo kwa galimoto. Anavomera, koma anaika malamulo awiri. Tikafike Lachisanu dzuwa lisanalowe, chifukwa likalowa Sabata layamba. Ndipo asaonane ndi woyendetsa.

Pikapu ili ndi mpando umodzi wokha kutsogolo. Kumbuyo amayi sakanakwera ngati thumba la chimanga. Ndiye tinamanga chingwe kuchokera pagalasi loonera kumbuyo kukafika pakachitsulo ka kuseri kwa mpando, n'kuyanikapo chitenje. Mbali iyi amuna anga ndi chiwongolero, mbali iyo ine ndi amayi, ine pakati, giya ili pakati pa maondo anga. Amayi anavala zoyera zokhazokha. Pamapazi anaika dengu lawo, momwe munali bulangete, buku la nyimbo, ndi mbale yawo yachitsulo yopaka utoto woyera, ya mkombero wabuluu. Mbale imeneyo anaigula akugwira ntchito yosamalira odwala kuchipatala cha mishoni, ndipo palibe munthu wina aliyense amene anadyerapo, ngakhale malemu bambo anga.

Tinanyamuka masana. Anthu awiriwo anali motalikirana ndi mkono umodzi, koma ankacheza kudzera mwa ine.

"Uwauze achepetse," amayi anatero.

"Akuti muchepetse."

"Muwauze amayi kuti ndachepetsa."

"Akuti achepetsa."

"Uwafunse ngati m'galimoto muno muli galu."

"Muwauze amayi kuti ndi tebo."

"Uwauze kuti ikudwala. Ine kulira kwa wodwala ndimakudziwa."

Uthenga umenewo sindinaupereke, ngakhale anaumva okha.

Tinadzera njira yachidule yodutsa m'minda ya tiyi. Pali chitunda china chachitali, cha dothi lofiira, chimene pamwamba pake pali shedi yoyezera masamba. Tsiku limenelo othyola tiyi anali atandanda pamzere ndi madengu awo kudikira sikelo. Amuna anga ataona anthu anazimitsa wailesi monga mwa chizolowezi, naponda moto. Kagalu kaja kanalira kamodzi mokweza, kenako panamveka phokoso ngati supuni yagwera mumtondo wa chigayo. Galimoto inadumphira kutsogolo.

"Uwauze achepetse!"

"Muwauze amayi kuti phazi ndachotsapo!"

Ndinasuzumira pansi pa chitenje. Zoonadi, phazi lawo linali m'mwamba, koma injini inkakwera yokha. Anaponda kilatchi, anachotsa giya mondipweteka bondo, anaponda buleki, galimoto inaima pambali pa msewu moyang'anizana ndi shedi. Anapotokola kiyi n'kumusolola. Injini inalira kuposa poyamba.

Sindinamvepo phokoso lotero chibadwire. Galimoto yonse inkanjenjemera, mano anga ankagundana, ndipo kumbuyo kunkatuluka utsi woyera wosakanikirana ndi wabuluu, wochuluka moti mizere ya tiyi inayamba kusowa umodziumodzi. Othyola tiyi anataya madengu, aliyense kulowera kwake. Kapitawo wawo anathawa atakumbatira sikelo.

Amuna anga anatuluka. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kuima kutsogolo kwa galimoto n'kuionetsa kiyi. Anamukweza m'mwamba n'kumugwedeza, ngati kuti injiniyo sinamve kuti yazimitsidwa. Ine ndinatulukira khomo lawo n'kuwalanda kiyiyo.

"Uwauze azimitse!" amayi anakuwa ali m'kati.

"Azimitsa, amayi! Kiyi ndi uyu!"

Anamulandira, anamuyang'ana mbali zonse ziwiri, namuika m'thumba la bulauzi. "Uwauze azimitsenso."

Ndinawachonderera kuti atsike. Anakana. Anati iwo anakwera kuti akatsikire ku Makwasa, ndipo sanathawepo chinthu pamaso pa anthu a tiyi. Anawonjeza kuti ngakhale atafuna, atsika bwanji mkamwini akuzungulirazungulira galimoto ngati nkhuku yofuna poikira? Ndinkaona kuti chinthuchi chiphulika amayi ali momwemo, ndipo ngakhale chisaphulike, za malo omanga nyumba zathera pompa.

Amuna anga analowanso kumbali yawo, naika giya yomalizira, naponda buleki, nasiya kilatchi mwadzidzidzi kuti injini itsamwe. Galimoto inangogwedezeka, panatuluka fungo la chinthu chopserera, injini osasintha mawu. Anathamangira kuboneti, n'kupeza tcheni ndi loko zili nga! monga anazikhomera okha. Kiyi wa loko anali pamphete imodzi ndi kiyi wa galimoto, m'bulauzi mwa apongozi awo.

"Muwapemphe amayi kiyi!"

"Akupempha kiyi!"

"Uwafunse akufuna ailizenso?"

Ndinapisa dzanja m'thumba mwawo ndekha. Boneti itatseguka amuna anga anazula waya wa batire. Palibe chinasintha. Kapitawo uja, ali chapatali kuseri kwa mtengo, ankakuwa kuti tithire madzi. Mayi wina anagwada pakati pa tiyi n'kuyamba kudzudzula ziwanda. Amuna anga anaima kaye, manja ali m'mutu, akuyang'ana injini imene inalibe kiyi, inalibe batire, koma ikuthamanga ngati yalipidwa.

Za magalimoto sankadziwa zambiri, koma moto ankaudziwa, poti anakhala nawo zaka zonse zija pang'anjo. Anandiuza pambuyo pake kuti anangoganiza kuti m'kati mwa chinthuchi muli moto, ndipo moto ukalusa pang'anjo suthira madzi, umatseka kakhomo ka mpweya. Anatola mpeni wosadzira tiyi umene wina anataya pothawa, nadula paipi yaikulu yakuda imene imalowetsa mpweya mu injini. Panatsala kakhosi kachitsulo kotseguka, kakukoka mpweya mwaukali. Anavula chipewa chawo cha nsalu n'kutsekapo. Chipewa chinalowa chonse. Sitinachionenso.

"Thabwa!" anandikuwira m'khutu. "Chinthu cholimba, chosalala! Thamangani kushedi!"

Ndinathamanga. Kushedi kunali madengu, masaka, ndi benchi lokhomeredwa pansi. Ndinalikoka benchilo, ndinaliponda, osatheka. Ndinabwerera chimanjamanja, ndikutsokomola, ndipo mphepo itakankha utsi pang'ono ndinaona chinthu chimene sindidzachiiwala.

Amuna anga anali atakumbukira mbale. Anali atagwada pafupi ndi khomo la amayi, atawafulatira, nkhope italoza kumunda wa tiyi kumene kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe, akukuwa ndi mphamvu zawo zonse: "Wina awauze amayi kuti ndikupempha mbale!"

Amayi nawo, maso ali pagalasi lakutsogolo, ankayankha: "Wina awauze kuti ndi yodyera ine!"

"Wina awauze amayi kuti ndibweza!"

"Wina awauze kuti mbale si sipanala!"

Ndinafuna kukuwa kuti wina uja ndafika, koma utsi unanditsamwitsa, mawu osatuluka. Injini inali itayamba kugogoda m'kati, kugogoda koipa, kwa chitsulo pachitsulo. Amuna anga anakumva. Anaweramitsa mutu, ndipo ndinaona mapewa awo akugwa. Zonse zimene anali nazo padziko lapansi zinali kudzidya zokha kumbuyo kwawo, iwo ali chogwada, osatembenuka.

Kaya amayi anaona mapewawo, kaya anangotopa ndi phokoso, sanandiuzepo. Khomo linatseguka. Anatsika pang'onopang'ono, mwendo umodzi kenako unzake, mbale ili m'manja. Anazungulira n'kukaima kutsogolo kwa mkamwini wawo.

"Bambo, landirani."

Amenewo anali mawu oyamba kuchoka pakamwa pa amayi kupita m'khutu mwa amuna anga osadzera mwa ine. Ndipo munthu wamkuluyo, injini ikufa, anayamba waomba kaye m'manja mwaulemu asanalandire.

"Fulumirani, inu!" amayi anakuwa.

Anadzuka, anathamanga, anaphimba kakhosi kaja ndi mbale. Mbale inakakamira yokha, phwa! Injini inabuula, inagwedezeka, inatulutsa utsi wakuda bii, inayesanso kamodzi, kenako zii. Mbale inagwa pansi n'kuzungulira m'fumbi. M'makutu mwanga munkalira nkhululu. Anthu amene anaonera patali amati zonsezi sizinatenge nthawi yoposa yowiritsa madzi a tiyi, koma ine ndinatsika chitunda chimenecho nditakalamba.

Utsi utapita, awiriwo anapezeka ataima moyang'anana, opanda chitenje pakati. Amuna anga anali mbuu ndi fumbi, kumaso kuli mwaye, mutu uli pamtunda. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kutsitsi mpaka kuchibwano.

"Kani makutu a mdzukulu wanga ndi anu," anatero. "Ndakhala ndikudabwa."

Kenako anatola mbale yawo. Pakati pake panali patatuza, utoto utasweka mozungulira molingana ndi kukamwa kwa kakhosi kaja. Anaipukuta ndi m'mphepete mwa chitenje, anaiika m'dengu, natembenukira kwa ine. "Uwauze kuti dzuwa likulowa."

Ku Makwasa amayi anakafika pangolo ya thirakitala yonyamula masamba, atakhala pamwamba pa masaka a tiyi, zovala zoyera zija zili mawangamawanga, Sabata litayamba kale. Anzawo onse a mumpingo anawaona akutsika. Mayi wina amene ankapikisana nawo pa nyimbo anawanunkhiza n'kufunsa ngati ayamba ganyu. Ine ndinabwerera kulayini ndikulira njira yonse. Ndinalira chifukwa cha manyazi a amayi, ndinaliranso chifukwa ndinkadziwa kuti munthu amene wawachititsa manyazi otero sangamulozere ngakhale pokumba dzenje la zinyalala.

Lolemba anzawo a amuna anga anakokera galimoto kugalaja ya esiteti. Ndinapita nawo, chifukwa ndinkafuna kuona ndi maso anga chinthu chimene chatidyera moyo. Makaniko wamkulu wa pamenepo, bambo wonenepa wokonda kuseka, anayamba ndi kuyang'ana tcheni cha paboneti, nafunsa ngati galimotoyi imaluma. Kenako anamasula paipi yochokera ku tebo kupita mu injini n'kuipendeketsa. Munatuluka oyilo wakuda, wambiri, mpaka kudzaza chitini.

"Wakuba wanu uja ndi uyu, achimwene," anatero.

Anatulutsa tebo yeniyeniyo. Ndinakhumudwa kuiona. Kanali kachinthu kokhala ngati nkhono, koti n'kukanyamula m'manja. Anatifotokozera kuti m'kati muli timapiko tiwiri pa kamtengo kachitsulo kamodzi. Utsi wotuluka umazunguza mbali imodzi, mbali inayo n'kumakankhira mpweya mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Kamtengoko kamazungulira pa oyilo. Anandiuza kuti ndikagwire. Kanagwedera uku ndi uku ngati dzino la mwana lofuna kuguluka, ndipo timapiko tinali titabenthukabenthuka, ulusi wa chipewa utakulungika pamenepo.

"Kakayamba kugwedera, mluzu umasintha," anatero. "Oyilo amayamba kudutsa n'kumalowa pamodzi ndi mpweya, ndiye utsi wabuluu uja. Pansi simungaone dontho, zonse zikupsera m'kati. Tsono injini ya dizilo ndi yadyera, siisankha. Kiyi amangotseka dizilo basi. Ikapeza oyilo wokwanira imayamba kumwa yekhayo, ikamathamanga n'kumakokanso wambiri. Imasiya pokhapokha oyilo atatha, kapena itasweka, kapena mutaitseka mphuno. Inu munaitseka ndi chiyani?"

"Mbale ya apongozi," amuna anga anayankha chapansipansi.

Galaja yonse inagwa ndi phwete. Ine sindinaseke. Ndinangowayang'ana amuna anga n'kunena kuti, "Oyilo ndi wodzola, eti?" Ndinali ndi ufulu wonena zimenezo kamodzi, ndipo ndinanena kamodzi kokha.

Makaniko anati mbale inapulumutsa injini kuti isaboole m'mimba, koma kugogoda kuja kunasiya mabala. Pafunika tebo ina, kilatchi ina, ndi kutsegula injini yonse. Zinthu zimenezo ku Thyolo kunalibe, ndipo ngakhale zikanakhalako, ife tinalibe pogwira. Anatiuzanso mwaulemu kuti galajayo ndi ya magalimoto a kampani, yathuyi tiichotse. Tinali ndi galimoto yosayenda yopanda poiimika, ndi nyumba yoti tituluke. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana chakumapiri. Amuna anga anayamba kunena zopita okha ku Mozambique kukafunafuna abale amene sanawaonepo, ine ndi ana tibwerere kwa amayi. Ndinkadziwa kuti amuna opita mwa njira imeneyo kawirikawiri sabwerera.

Kuchokera ku Khwethemule kunali chete. Msonkhano wa misasa unatha, sabata inanso inadutsa. Kenako tsiku lina malume anatulukira panjinga, osakhala n'komwe pansi. Anati amayi akuti chinthu chija chibwere.

"Chinthu chiti?" ndinafunsa.

"Chakudya chipewa chija."

Woyendetsa thirakitala yemwe uja anatikokera. Titafika tinapeza amayi ataima pabwalo ndi ambulera. Amuna anga anatsika n'kupatukira kuseri kwa nkhokwe monga mwa masiku onse. Amayi anatsogola, thirakitala ikuwatsata pambuyo, kudutsa khola, kudutsa nthochi, mpaka pamalo athyathyathya pafupi ndi mtengo wa mapeyala, pamene malemu bambo ankalimapo mbatata. Analoza pansi ndi ambulera.

"Uwauze aimike apa."

Ndinakuwa uthengawo cha kunkhokwe.

"Uwauze kuti malo ano ndapatsa galimotoyi. Yadwala, singagone pamsewu."

Ndinapereka.

"Uwauze kuti mvula yayandikira, aimangire denga." Anayang'ana tcheni chimene chinali chikadali lendelende paboneti. "Uwauzenso kuti ndamva kuti ili ndi akuba ambiri. Singakhale yokha. Mwini wake amange pambali pakepo, aziilondera."

Uthenga umenewu ndinalephera kuupereka. Koma kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuomba m'manja, pang'onopang'ono, kosalekeza.

Galimotoyo siinayendenso. Ilipobe pansi pa mapeyala, matayala anaphwa kalekale, nkhuku zimaikira mazira pampando pomwe panali chitenje, ndipo ana a m'mudzi amaphunzirirapo kuyendetsa. Nyumba yathu ya njerwa ili pambali pake. Alendo akafunsa chifukwa chake sitigulitsa chitsulocho, amuna anga amayankha kuti sangagulitse mwini malo.

Koma tsiku lija silinathere pa ambulera. Thirakitala itapita, ndinayala mphasa pamthunzi kuti amuna anga apume, ndipo ndinkati ndipite kukhitchini ndikawatengere chakudya monga ndinkachitira nthawi zonse. Ndisanadzuke ndinaona amayi akubwera okha. Nkhuku sanaphe, amayi anga sanali munthu wosintha zonse tsiku limodzi. Ananyamula chinangwa chophika ndi nandolo, m'mbale yoyera ya mkombero wabuluu. Amuna anga anayamba kudzuka kuti athawe.

"Khalani, bambo."

Anakhala. Amayi anatsitsa thupi movutikira mpaka pamphasa, moyang'anizana nawo, naika mbale pakati. Chifukwa cha kutuza kuja mbaleyo inapendekera mbali imodzi, msuzi n'kuyamba kutayika. Anaikhazika bwino, inapendekera mbali inayo.

"Mwaiona ntchito yanu?" anatero. "Siikhalanso pansi yokha. Gwirani uko, ine ndigwire kuno."

Amuna anga anagwira. Misozi inkatsikira m'chibwano osaipukuta, poti dzanja lina linali pambale, lina lili ndi chinangwa. Amayi ananyema chawo, anasunsa, anatafuna. Kenako anandiyang'ana ine, amene ndinali chiimire pambali kudikira uthenga woti ndipereke.

"Iwe ukudikira chiyani?" anatero. "Pita ukaone ana. Tikucheza."